Malonda a Miyendo: Mbiri ya Ailton wa ku Mogeiro ndi Anzake Oyendayenda

Pakati pa zinthu zimene dziko la Brazil lakhala likugulitsa kutsidya kwa nyanja chiyambire, olemba mbiri amatchula shuga wa m'minda ya ku Pernambuco ndi Bahia, kumene akapolo ochokera ku Africa adakhetsa thukuta ndi mwazi. Amatchula golide wa ku Minas Gerais, mphira wa m'nkhalango za Amazon, ndiponso khofi amene adalemeretsa São Paulo. Koma alipo katundu wina, wosalimidwa ndi khasu ndiponso wosalongedwa m'matumba, amene dzikolo lakhala likutumiza kwa mitundu ina kwa zaka zoposa 90 tsopano, ndiye anyamata odziwa kumenya mpira wa miyendo. Owerengeka mwa iwo mbiri yawo idamveka kufikira malekezero a dziko, kotero kuti ngakhale mwana wosadziwa kumene kuli Brazil atha kutchula Ronaldo kapena Romário. Koma unyinji wawo ndi anthu a chikwama paphewa, amene chaka chino avala malaya a timu iyi, chaka chamawa a timu ina m'dziko lina, nalankhula zinenero zambiri mopereweza, osakhazikika paliponse kufikira mawondo atawakana. Mwa anthu otere ndasankha mmodzi, Aílton Gonçalves da Silva, popeza iyeyu adalawa mbali zonse ziwiri, ulemerero wa katswiri ndi mavuto a woyendayenda; koma kuti timvetse njira yake, tiyenera tiyambe taona amene adailambula iye asanabadwe.

Mpira udalowa mu Brazil ngati masewera a ana a anthu olemera, pamene Charles Miller adabwerera ku São Paulo mu 1894 kuchokera ku sukulu ku England atanyamula mipira ndi malamulo ake. Osauka ndi akuda adalowamo pang'onopang'ono, poyamba kudzera m'matimu a mafakitale monga Bangu ya ku Rio de Janeiro, kufikira mu 1923 pamene Vasco da Gama idatenga ukatswiri wa mzindawo ndi osewera akuda ndi amphawi, chinthu chimene chidawawitsa mitima ya eni matimu olemekezeka. Koma lamulo la nthawi imeneyo linkati mpira ngwosewera chifukwa cha chikondi chokha, wopanda malipiro. Ndipo lamulo lotere, ngakhale linkamveka loyera pakamwa pa mwana wa mwini fakitale, lidali goli lolemera pakhosi pa munthu amene mabwalo ankadzaza chifukwa cha iye, pamene iye mwini ankalandira kangachepe mseri, m'manja mokhamokha. Chifukwa chake pamene Vasco idapita kukasewera ku Ulaya mu 1931, awiri mwa osewera ake, Fausto dos Santos wosewera pakati ndi goloboyi Jaguaré, adatsalira ku Barcelona osabwerera ndi anzawo. Ndipo chaka chomwecho anyamata ena a ku São Paulo, makamaka amene makolo awo adali ochokera ku Italy, adatengedwa ndi Lazio ya ku Rome, mmodzi wa iwo, Guarisi, nakhala m'gulu la Italy limene lidatenga chikho cha dziko lonse mu 1934. Akuluakulu a mpira ataona kuti khola likutha, adavomereza mu 1933 kuti wosewera azilandira malipiro poyera.

Mapeto a awiri oyamba aja ngoyenera kuwakumbukira. Fausto, atachoka ku Barcelona, adasewera ku Zürich, nabwerera kwawo, namwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1939 ali ndi zaka 34 zokha. Jaguaré adatenga ukatswiri wa France ndi Olympique de Marseille mu 1937, koma adafera kwawo mu umphawi wadzaoneni.

Malipiro atabwera, ufulu sudabwere nawo limodzi, pakuti padakhazikika mwambo wotchedwa passe, umene unkati timu ndiyo mwini wa wosewera ngakhale mgwirizano wawo utatha, ndipo sangasewere kwina kulikonse pokhapokha timuyo itamgulitsa pa mtengo umene yafuna. Mnyamata wina wa Botafogo, Afonsinho, amene ankaphunziranso za udokotala, ndipo akuluakulu adamuika pambali pa zifukwa zina ndi zina kuphatikizapo ndevu zake, adatengera nkhaniyi ku bwalo la milandu ya masewera napambana mu 1971. Koma kupambana kwa munthu mmodzi sikudagwetse mwambowo, umene udakhalapobe kufikira lamulo la 1998, lotchedwa ndi dzina la Pelé amene adali nduna ya zamasewera, lidauthetsa kuyambira mu 2001. M'zaka zapakatizo zinthu zina zitatu zidatsegula chipata kotheratu. Italy, imene idatsekera alendo mu 1966, idatsegulanso mu 1980, ndipo Falcão, Zico ndi Sócrates adapita motsatana. Ndalama ya Brazil idagwa mphamvu kotero kuti mu 1993 mitengo ya zinthu idakwera kupitirira 2,000 peresenti m'chaka chimodzi, ndipo timu yokhala ndi ngongole sinkaona njira ina yopezera ndalama yolimba koma kugulitsa mnyamata. Kenaka mu Disembala 1995 khoti la mayiko a ku Ulaya lidagamula mlandu wa Jean-Marc Bosman wa ku Belgium, kuti wosewera amene mgwirizano wake watha achoke mwaulere, ndi kuti nzika za mayikowo zisawerengedwe ngati alendo pakati pawo; motero malo a alendo enieni adachuluka, ndipo mdzukulu aliyense wa Mtaliyana kapena Mpwitikizi adayamba kufunafuna makalata a agogo ake. Pofika cha mu 2007 ndi 2008, osewera oposa 1,000 ankatuluka mu Brazil chaka chilichonse, ambiri a iwo osadziwika ngakhale m'boma lawo lomwe. Ife amene makolo athu adapita ku Joni ndi ku Halale, ena nabwerako ndi njinga ndi bokosi la zovala, ena nasanduka matchona, sitifunika wotimasulira zimene zimachitika pamudzi pamene ntchito ili kutali ndipo wolemba anthu ntchito wafika ndi pepala.

Ailton adabadwa pa 19 Julaye 1973 ku Mogeiro, tauni yaing'ono ya m'boma la Paraíba, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, dera la ng'ombe, akavalo ndi chilala, kumene anthu akhala akusamuka mibadwomibadwo kupita kumizinda ya kummwera kukafuna ganyu. Ndipo iye adakali mwana, chilala chachikulu cha 1979 kufikira 1983 chidakantha dera lonselo. Chomwecho ulendo sudali chinthu chachilendo m'moyo wa mnyamata wa kumeneko, ndipo asanaoloke nyanja n'komwe adali atavala kale malaya a matimu angapo otalikirana mitunda zikwizikwi, monga Internacional ya ku Porto Alegre, Mogi Mirim, Santa Cruz ya ku Recife ndi Guarani ya ku Campinas. Mu 1997 adagulitsidwa ku Tigres ya ku Mexico, ndipo kumeneko ndi kumene Werder Bremen ya ku Germany idamtenga mu Okutobala 1998, ali ndi zaka 25.

Germany sidali dziko lophweka kwa mwana wa dzuwa. Zezé, mmodzi wa oyamba kuyesa, amene 1. FC Köln idamgula mu 1964, adasewera masewera ochepa chabe nabwerera, ndipo nthano imene Ajeremani amasimbabe njakuti thupi lake silinkayanjana ndi chipale chofewa. Padapita zaka zoposa 20 Bayer Leverkusen isanayambe kugula ku Brazil mwanzeru, potenga Tita, Jorginho ndi Paulo Sérgio. Ailton naye adatsala pang'ono kutsata mapazi a Zezé, pakuti adafika m'nyengo yozizira, osadziwa chinenero, m'timu imene inkalimbana ndi kutsika m'ligi, ndipo mphunzitsi Felix Magath, munthu wodziwika ndi kuthamangitsa osewera kufikira atalefuka, sadaone chabwino chilichonse mwa mlendo wamfupi, wonenepa, wa khosi lobisika m'mapewa, wosakonda kubwerera kumbuyo kudzathandiza otchinga. Chaka choyambacho adamwetsa zigoli ziwiri zokha.

Chimene chidampulumutsa ndi kusintha kwa mphunzitsi mu Meyi 1999, ndipo pano pali chinthu chodabwitsa chimene sindingachilumphe: munthu amene adadziwa kuweta woyendayenda uyu adali Thomas Schaaf, amene adalowa mu Werder Bremen ali mwana mu 1972, nasewera m'timu imodzi yomweyo moyo wake wonse wa mpira, naiphunzitsa zaka 14. Schaaf adazindikira chimene akulu adanena, kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'malo mofuna kusandutsa Ailton kuti akhale Mjeremani, adakonza timu kuti idyerere pa mphatso imodzi imene mlendoyo adali nayo yoposa onse, ndiyo liwiro la mapazi oyamba. Ailton ankaima pa mzere wa otchinga kumbuyo ngati munthu wopanda chochita, oimbira namgwira kambirimbiri kuti wajomba malire. Koma mpira ukaponyedwa pa mpata nthawi yake yeniyeni, thupi lija limene anthu ankaliseka linkachoka ngati mwala wa pa legeni, ndipo mwendo wake wamanzere sunkafunsa kawiri. Poyamba adagwirizana ndi Claudio Pizarro wa ku Peru, pambuyo pake ndi Ivan Klasnić, ndipo Johan Micoud wa ku France atafika mu 2002 padapezeka munthu wodziwa kuponya mpira wotero. Zigoli zake m'ligi zidakwera chaka ndi chaka: 12, kenaka 14, kenaka 16 kawiri motsatizana. Zolakwa zake sizidathe ayi. Ankachedwa kubwerako ku tchuthi cha kwawo, kumene mtima wake udali pa akavalo ndi masewera othamangitsa ng'ombe, ndipo akuluakulu ankamlipitsa namkhululukira, anthu a mu Bremen namkonda koposa chifukwa cha Chijeremani chake chothyokathyoka ndi chizolowezi chake chodzitchula yekha dzina polankhula.

Chaka cha 2003 kulowa 2004 ndicho chidali chimake cha moyo wake. Adamwetsa zigoli 28, kuposa wina aliyense m'ligi, ndipo pa 8 Meyi 2004 Werder idapita ku Munich, kunyumba kwa Bayern imene inkaithamangitsa pambuyo, niigonjetsa 3-1, zigoli zake zitatu zonse zitalowa chigawo choyamba chisanathe. Choyamba cha Klasnić, chachiwiri cha Micoud, ndipo chachitatu Ailton adachikhotetsa ndi mwendo wamanzere ali kunja kwa bokosi, nakhomera ukatswiri pabwalo la adani. Patapita masabata atatu adatenganso chikho cha dziko ku Berlin pogonjetsa Alemannia Aachen 3-2, ndipo atolankhani adamsankha kukhala wosewera wopambana wa chakacho m'Germany, ulemu umene kuyambira kale sudaperekedwepo kwa mlendo.

Koma taonani, munthu amene Germany yense ankamuimbira m'manja, kwawo sadaitanidwe ngakhale kamodzi kuti avale malaya achikasu a dziko lake, pakuti patsogolo pake padali Ronaldo, Ronaldinho, Adriano ndi Luís Fabiano, ndipo mphunzitsi Carlos Alberto Parreira sadaone chosowa. Ili ndilo tsoka la kubadwira m'dziko la akatswiri ochuluka, ndipo ndilo lidabala malonda ena mkati mwa malonda oyamba aja, ogulitsa unzika. Japan idapita ku chikho cha dziko lonse mu 1998 ndi Wagner Lopes. Portugal idatenga Deco. Ndipo mu Febuluwale 2004 Tunisia idatenga chikho cha Africa pogonjetsa Morocco, chigoli choyamba chitamwetsedwa ndi Francileudo dos Santos, mwana wa ku Brazil. Awa onse adali atakhalako m'mayiko amene adawatenga. Koma m'masabata omwewo Qatar, imene mphunzitsi wake adali Philippe Troussier, yemwe uja adaphunzitsapo Nigeria, Burkina Faso ndi South Africa, idaitana Ailton pamodzi ndi abale awiri, Dedé ndi Leandro a Borussia Dortmund, kuti iwapatse unzika ndi ndalama ngakhale sadakhalepo m'dzikomo, ndipo Ailton adavomera poyera. Bungwe la FIFA lidachita changu mu Malichi 2004, nililamula kuti wofuna kusewerera dziko limene sadabadwiremo akhale ndi kholo kapena gogo wa kumeneko, apo ayi akhale atakhalamo zaka ziwiri, nyengo imene mu 2008 idakwezedwa kufika pa zaka zisanu. Motero mwana wa ku Mogeiro adasiya chizindikiro m'malamulo a mpira wa dziko lonse, ngakhale iye mwini adatha masiku ake osasewerera dziko lililonse.

Chimene anthu a mu Bremen adachidziwa kale pamene ankavina mu Meyi muja n'chakuti katswiri wawo adali atasaina kale kwina, pakuti mu Okutobala 2003 zidamveka kuti mgwirizano wake ukatha adzapita mwaulere ku Schalke 04, imene idalonjeza malipiro oposa. Ambiri amati apa ndi pamene adalakwa, namtchulira mwambi wa ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ndipo kuli kovuta kuwatsutsa, poona zimene zidatsata. Komabe ine ndikuti tisafulumire kumweruza, pakuti munthu wa zaka 30 amene chuma chake chonse chili m'liwiro la miyendo amadziwa bwino kuti mgwirizano waukulu umene ali nawo patsogolo ndi umodzi wokha, ndipo kumbuyo kwake kuli abale ambiri oyang'ana kwa iye. Timu imene imkonda lero idzamtaya mawa popanda manyazi, ndipo kukhulupirika kumene ochemerera amakufuna kwa wosewera sakufuna kwa eni timu. Cholakwa chake, ngati chilipo, chidali kuyesa kuti zigoli 28 zija zidali zake yekha, kuiwala kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti Micoud ndi Schaaf sakadalowa m'chikwama chake.

Ku Schalke adamwetsa zigoli 14, chiwerengero chimene kwa munthu wina chikadakhala chaulemu, timuyo nithera pa nambala yachiwiri. Koma sadamvane ndi mphunzitsi Ralf Rangnick, amene ankafuna kuti aliyense athamangire mpira ukatayika, ndipo chaka chitatha adagulitsidwa ku Beşiktaş ya ku Istanbul. Kumeneko sadakhalitse, ndipo mu Januwale 2006 adabwereketsedwa ku Hamburg, mdani wamkulu wa Bremen, kumene adathyoka nsagwada atangofika kumene. Tsiku lotsiriza la ligi chaka chimenecho Hamburg idakumana ndi Werder polimbirana malo achiwiri, ndipo mpira udamfika Ailton golo ili pululu patsogolo pake, iye nauponya kunja. Werder idapambana 2-1 nitenga malowo, ndipo kufikira lero anthu a mu Bremen amaseka kuti mwana wawo adawatumikira ngakhale atavala malaya a adani. Hamburg sidamgule.

Kuyambira pamenepo mayendedwe ake adafulumira ngati a munthu wotsetsereka paphiri: Red Star ya ku Belgrade, Grasshopper ya ku Zürich, mzinda womwe uja Fausto adapitako zaka zoposa 70 m'mbuyomo, MSV Duisburg kumene adamwetsa chigoli chake chotsiriza m'ligi yaikulu ya Germany, cha nambala 106, Metalurh Donetsk ku Ukraine, Altach ku Austria, Campinense ya ku Campina Grande kufupi ndi kwawo, ndi Chongqing Lifan ku China, zonsezi pakati pa 2006 ndi 2009. Wina angafunse chifukwa chimene matimu ankapitirizira kugula munthu amene aliyense ankaona kuti liwiro lamthera. Yankho lake n'lakuti wosewera amagulitsa zinthu ziwiri, miyendo ndi dzina, ndipo dzina limakalamba mochedwa kuposa miyendo. Mwini timu yaing'ono akamva kuti amene adagwetsa Bayern ku Munich akupezeka pa mtengo wotsika, amaona kale manyuzipepala, makamera ndi matikiti, ndipo mkhalapakati amene amadya gawo lake pa kusamuka kulikonse alibe chifukwa cholangizira munthu wake kuti akhazikike. Pakapita miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, chidwi chikatha ndipo zigoli zikasowa, mbali zonse zimatopetsana, mlendo nakamuka ngati mame, dzina lija nilitsikira pa msika wina wapansi pake.

Kumapeto kwa 2009 msikawo udafika pa ligi yachisanu ndi chimodzi ya Germany, pamene KFC Uerdingen ya mu Krefeld idamtenga. Ndipo padali chofanana pakati pa wogula ndi wogulidwa, popeza timu imeneyi nayo idagonjetsapo Bayern mu ndime yotsiriza ya chikho mu 1985, isanagwe m'ngongole nitsika makwerero onse. Atachoka apo adasewerera Oberneuland, timu yaing'ono ya m'mphepete mwa Bremen momwemo, kenaka Rio Branco m'boma la São Paulo, kenaka Hassia Bingen m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, pa mabwalo amene oonerera amaima atatsamira chitsulo. Mu Januwale 2012 adalowanso m'pologalamu ya pa kanema ya Ajeremani imene imatsekera anthu otchuka m'nkhalango ya ku Australia kuti owonera aziwaseka, ndipo apo dzina lidagulitsidwa lokha, popanda mpira n'komwe.

Bremen yokha ndiyo sidamuiwale, ngakhale adaisiya chifukwa cha ndalama nakasewerera adani ake awiri. Mu Seputembala 2014, iye ali ndi zaka 41, timuyo idamtsegulira bwalo lake la Weserstadion kuti achite masewera otsanzikana, ulemu umene kawirikawiri umasungidwira anthu amene adakalambira pakhomo. Anzake a mu 2004 adabwera kudzasewera naye, Schaaf adakhalanso pa benchi, ndipo anthu pafupifupi 40,000 adalipira pakhomo kudzaona munthu wonenepa wovala nambala 32, amene mwa matimu onse oposa 15 amene adawasewerera, ndi pano pokha pamene adakhalapo pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi, namwetsa zigoli 88 m'ligi.